Funsani za Makompyuta: Ndaloweza Zonse Koma Kulemba Kukundikanika

FUNSO: Achimwene, ndili chaka chachiwiri pa yunivesite, ndikuphunzira za makompyuta. Chaka chatha Java ndinakhoza bwino, ma loop ndi ma array sankandivuta. Semesita ino tafika pa inheritance, polymorphism, abstract class ndi interface. Matanthauzo ndinaloweza onse, ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku nditha kuwatchula, koma akatipatsa asayimenti mutu umangoima. Interface ndi yachiyani poti mkati mwake mulibe kanthu? Mayeso ayandikira, ndithandizeni. Wophunzira, Zomba.

YANKHO: Mng'ono wanga, mutu wako ulibe vuto. Wapatsidwa mankhwala usanaone matenda ake, ndiye ungawakhulupirire bwanji? Anthu amene anayambitsa ma class ndi inheritance, Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard a ku Oslo m'dziko la Norway, sanayambe ndi matanthauzo. Chinenero chawo cha kompyuta chotchedwa Simula anachipanga pofuna kuti kompyuta itsanzire mmene zinthu zenizeni zimayendera. Iwenso yamba ndi vuto lenileni.

Lemba pulogalamu ya sitolo imene kasitomala angalipire ndi kashi, Airtel Money kapena Mpamba. Uilembe mmene unkalembera chaka chatha: if kashi chita ichi, else if Airtel chita icho, else if Mpamba chita chinacho. Kenako onjeza kusindikiza lisiti, kubweza ndalama, ndi kuwerengera zomwe zalowa tsikulo. Uona kuti mndandanda wa ma if uja waubwereza paliponse. Tsopano mwini sitolo akuti makasitomala ayambe kulipiranso ndi khadi la banki. Uyenera kufufuza malo onsewo, ndipo ukaiwalapo amodzi, ndalama za munthu zasokonekera.

Apa ndiye ibwere interface. Uitche Malipiro, ikhale ndi ma method (ntchito zimene class imagwira) awiri okha, lipira() ndi bweza(). Ukunena zoona kuti mulibe kanthu, chifukwa ilo ndi pangano chabe: class iliyonse yofuna kutchedwa Malipiro iyenera kudziwa kulipira ndi kubweza. Kashi ilipire mwa njira yake, Mpamba mwa njira yake. Class ya Sitolo imangolandira Malipiro n'kuitana lipira(), osafunsa kuti ndiwe yani. Java ndiyo imasankha method yoyenera pulogalamu ikamayenda, potengera object imene yabweradi. Polymorphism imene unaloweza ija ndi imeneyi basi. Ma if aja atha.

Abstract class uiona kufunika kwake posachedwa. Airtel Money ndi Mpamba zonse zimafuna nambala ya foni, ndipo zonse ziyenera kuona ngati manambalawo ndi okwanira. M'malo molemba zimenezi kawiri, panga abstract class ya MalipiroAPafoni yosunga nambalayo, ziwirizo zitengere kwa iyo ngati ana kwa kholo; inheritance ndi imeneyi. Kashi isalowemo, ilibe foni. Kusiyana kwake gwira apa: abstract class imatha kusunga zinthu za object iliyonse ndipo imakhala ndi constructor (code yokonza object ikamapangidwa), pomwe interface siitero, ngakhale kuti kuyambira pa Java 8 mu 2014 imaloledwa kukhala ndi ma default method, omwe ndi ma method okhala ndi code mkati mwake. Komanso class ya Java imakhala ndi kholo limodzi lokha, koma ma interface ingalandire ambiri.

Chimene chimandipweteka ndikaona ntchito za ophunzira ndi kukonda extends, mawu opatsira class kholo, mopyola muyezo. Wina amalemba kuti Sitolo extends Malipiro pongofuna kugwiritsa ntchito lipira(). Dzifunse kaye: kodi sitolo ndi mtundu wa malipiro? Ayi, imangowalandira. Choncho Malipiro alowe mu Sitolo ngati field kapena parameter, osati ngati kholo.

Poti takhudza ndalama, usazisunge mu double, mtundu wosungira manambala a madesimo. Yesa kuphatikiza 0.1 ndi 0.2 mu Java, ikupatsa 0.30000000000000004. Gwiritsa ntchito BigDecimal, yomwe imasunga madesimo ndendende, kapena uwerenge matambala mu long, yosunga manambala athunthu. Ndipo poyerekeza ma String (mawu) awiri lemba equals(), chifukwa == imangoona ngati ndi object imodzimodzi, osati ngati mawu ake akufanana. Apa ambiri amatayapo malikisi.

Za ChatGPT sindikuletsa, koma uifunse chifukwa chimene code yako yakanira, osati ikulembere yonse. M'chipinda cha mayeso simudzakhala foni. Ngati laputopu mumabwerekana kapena magetsi azima, jambula ma class ako papepala, mabokosi ndi mivi yake, ulembe code ndi cholembera, ukaiyese mpata ukapezeka.

Ukamaliza pulogalamu ya sitoloyi, onjeza class ya Khadi. Ngati wakakamizika kusintha kanthu mkati mwa Sitolo kuti khadilo ligwire ntchito, pali if ina imene yatsalira. Uipeze, uichotse, kenako ukafotokozere mnzako wa m'kalasi mzere ndi mzere mpaka naye amve.