Pepalalo musasaine kaye, mayi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mpondasi, ku Mangochi kuno. Amuna awo, amene amachita kabaza wa njinga yamoto, anagundidwa ndi minibasi pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, mwendo n'kuthyoka. Tsopano abale a dalaivala afika pakhomo ndi K200,000 komanso pepala loti asaine kuti nkhani yathera pompo. Funso lawo n'lakuti, alandire?

Mayi, pepani ndi zomwe zakuonekeranizi. Ngati anthuwo abwera kudzazonda matenda ndi kangachepe, landirani. Koma pepalalo ayi.

Fupa lothyoka silidziwika mtengo wake sabata yoyamba. Msuweni wanga anagundidwa pa msewu wopita ku Monkey Bay, nalandira thumba la chimanga ndi tindalama, amfumu ali mboni. Patatha miyezi itatu bala linayamba kutuluka mafinya, mpaka anamutumiza ku Zomba. Thiransipoti ya womudikirira, chakudya, ana kunyumba akugonera phala, njinga ikuchita dzimbiri pakhonde. Atabwerera kwa mwini galimoto, anangomutulutsira pepala lija, pali chidindo cha chala chake chomwe. Mpaka lero amayenda chotsimphina.

Zimene ambiri sadziwa n'zakuti lamulo la pamsewu, Road Traffic Act ya 1997, limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze. Choncho ngati dalaivala ndiye analakwa, chipukuta misozi chimachokera ku kampani ya inshuwalansiyo, osati m'thumba mwa amalume ake. Pamafunika lipoti la apolisi a pamsewu ndi lipoti la dokotala lofotokoza mmene munthu wavulalira. Tumalisiti tonse sungani, ngakhale ta mankhwala opha ululu. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ndipo musazengereze, chifukwa milandu yotereyi ili ndi nthawi yake yokasumira.

Ndisakubisireni chimodzi. A inshuwalansi adzafunsa ngati bambowo anali ndi laisensi ndi chisoti. Akabaza athu pano pa boma mukuwadziwa, chisoti chimapachikidwa pa handulo ngati chokongoletsa. Akapezeka kuti nawonso analakwitsa penapake, ndalama ikhoza kuchepa.

Dalaivalayo ndikumumvera chisoni ndithu. Mwina akugona osagona, poganiza za khoti, laisensi ndi ntchito, pamene bwana amene amamupanikiza kuti madzulo abweretse ndalama yokwana ali phee. Abale ake akuthamanga ndi mantha, osati nkhanza. Alandireni bwino, ayalireni mphasa, koma muwauze kuti nkhani ili m'manja mwa apolisi. Asanatsanzike, muwafunse nambala ya minibasiyo ndi dzina la kampani yolembedwa pa kapepala ka inshuwalansi komata pa galasi lakutsogolo.