Mpweya ndilibe, nkhonya sindinaponyepo: ndipite ku Thailand kukaphunzira Muay Thai?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa inu owerenga. Ndi abambo a zaka 38, ntchito yawo ndi yokhala pampando tsiku lonse, sikelo ikuwerenga makilogalamu 104, ndipo akakwera masitepe pang'ono chabe amafika pamwamba ali wefuwefu. Asunga ndalama zokakhalira mwezi umodzi pa kampu yophunzitsa Muay Thai, nkhonya za ku Thailand zomenya ndi manja, zigongono, mawondo ndi miyendo. Funso lawo ndi ili: "Kodi akandilandira munthu ngati ine, kapena ndikangochita manyazi pakati pa anyamata olimba?"

Achimwene, akakulandirani, ndipo pitani. Makampu ambiri a ku Phuket, makamaka a mumsewu wa Soi Ta-iad ku Chalong, ngakhalenso a ku Chiang Mai, amadalira alendo ongoyamba kumene, ndipo ali ndi makalasi awoawo a anthu otere. Mukakumana ndi amayi a zaka makumi asanu, anthu onenepa kuposa inu, ena amene sanavalepo golovesi chibadwire. Zoti akakusekani chotsani mumtima. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi china: manyazi mwatchulawo akhoza kukakuchititsani kuti mudzipanikize sabata yoyamba mpaka kudzivulaza.

Ndikufotokozereni mmene tsiku limayendera. Kalasi yam'mawa imayamba cha m'ma 7 kapena 8 koloko ndipo imatenga pafupifupi maola awiri. Mumayamba ndi kuthamanga kapena kulumpha chingwe opanda nsapato, kenako kuponya nkhonya m'malere, kenako kumenya thumba. Ikafika nthawi ya mapadi (zotchinga zofewa zomenyapo), mphunzitsi, amene kumeneko amamutcha kru, amakugwirirani mapadi inu n'kumamenya ndi nkhonya, zigongono, mawondo ndi misongolo, maraundi atatu kapena asanu a mphindi zitatu iliyonse. Pamenepo ndiye pamene pamathera mpweya. Cha m'ma 4 koloko madzulo zonsezi zimabwerezedwa, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Lamulungu lokha ndiye lopuma.

Ndandanda imeneyi inapangidwira omenya nkhondo ya m'bwalo, ambiri a iwo anayamba ali ana a zaka zosakwana khumi. Inu musaitsatire. Msampha uli pakuti munthu ukalipira mwezi wathunthu wa makalasi awiri patsiku, umamva kuwawa kuti ndalama ikupita pachabe ukajomba. Ine zinandigwera ulendo wanga woyamba. Masiku atatu ndinalowa makalasi onse, la chinayi misongolo inatupa moti kutsika masitepe ndinkachita kugwira khoma, ndipo ndinataya masiku asanu ndi anayi ndili chogona. Zimandipwetekabe mtima chifukwa mphunzitsi anali atandiuza kuti ndipume, ine osamva.

Chifukwa chake n'chakuti ziwalo za thupi sizizolowera pa liwiro limodzi. Mtima ndi mapapo zimayamba kusintha pakangopita masabata ochepa, koma mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa, akakolo ndi mafupa enieniwo zimafuna miyezi. Ndiye mpweya umakunamizani kuti mwalimba pamene miyendo isanakonzeke, ndipo thupi lolemera limawonjezera katundu pa bondo nthawi iliyonse mukalumpha. Sabata yoyamba lowani kalasi imodzi patsiku, tsiku lachitatu mupume. Kalasi yachiwiri muyambe kuwonjezera sabata yachitatu, kawiri kokha pasabata, ngati thupi lavomera. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako pali kutentha. Makampu ambiri ndi denga lokha lopanda makoma, ndipo kuyambira Malichi mpaka Meyi dzuwa limapitirira madigiri 35 kawirikawiri, chinyontho chili tho. Thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere. Ngati mungathe, pitani pakati pa Novembala ndi Febuluwale. Mukasankha Chiang Mai, pewani kumapeto kwa Febuluwale mpaka Epulo, chifukwa utsi wotentha minda umadzaza mumzinda. Imwani madzi ambiri, koma madzi okha sakwanira munthu wotuluka thukuta chotere. Mapaketi a ORS amapezeka m'mafamase ambiri kumeneko. Ndipo ichi chisungeni: minofu ikawawa modabwitsa n'kutupa, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndi vuto lotchedwa rhabdomyolysis, pamene minofu yowonongeka imatayira zinthu m'magazi zimene zimavulaza impso, ndipo limakonda ndendende anthu osazolowera amene ayamba mwamphamvu padzuwa.

Musanagule tikiti, kaonaneni ndi dokotala. Akuyezeni kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mtima, ndipo mumuuze mosabisa zimene mukufuna kukachita. Akavomera, dzipatseni masabata asanu ndi atatu mpaka khumi ndi awiri okonzekera. Yendani mwandawala mphindi 30 masiku asanu pasabata, pambuyo pake muzisakaniza ndi kuthamanga pang'ono. Chingwe yambani ndi masekondi 30, kupuma, kubwereza. Ngati pafupi nanu pali malo ophunzitsa nkhonya kapena kickboxing, lowani makalasi angapo kuti mukadziwiretu kaimidwe ndi kumanga mabandeji m'manja. Mukafika kampu mutadziwa zimenezi, ndalama yanu ikagwira ntchito pa zinthu zimene simungaphunzire kwanu.

Kampu musalipiriretu mwezi pa intaneti. Malo ambiri amalola kulipira kalasi imodzi, choncho yesani awiri kapena atatu. Yang'anani ngati oyamba ali ndi gulu lawo, ngati aphunzitsi akukwanira, ngati amakonza munthu akalakwitsa kapena amangomutopetsa, ndiponso ngati pansi amakolopa. Zipere ndi matenda a pakhungu a staph zimafala msanga m'malo a thukuta, ndiye sambani mukangomaliza ndipo kabala kalikonse kaphimbeni. Akakuitanani kuti muyeserere kumenyana ndi mnzanu, muli ndi ufulu wokana. Wina akakuuzani kuti pakatha mwezi mukhoza kukwera m'bwalo kukamenya yeniyeni, kanani ndithu.

Inshuwalansi muiwerenge bwino, chifukwa zambiri za apaulendo siziphimba masewera omenyana, ndipo zimakana kulipira ngozi ya njinga yamoto ngati mulibe laisensi yake. Kunena zoona njinga zobwerekazo ndimaziopa kuposa chigongono cha aliyense pakampu. Za visa zimatengera pasipoti yanu, funsani ku ofesi ya kazembe wa Thailand. Ilipo visa yokhalitsa yotchedwa DTV imene inayamba mu 2024 ndipo imalola ophunzira Muay Thai, koma imafuna umboni wa 500,000 baht (ndalama za ku Thailand) kubanki. Pa ulendo wa mwezi umodzi, imeneyo simuifunikira.

Kakhalidwe nako n'kofunika. Vulani nsapato musanaponde pophunzirira, perekani moni wa wai kwa kru mutaphatikiza manja pachifuwa, musagwire munthu kumutu, ndipo musaloze munthu ndi phazi. Tsiku loyamba lomwelo muuzeni kru kuti ndinu woyamba, bondo ili limavuta, mpweya ndi wochepa. Aphunzitsi amenewa aona matupi ambirimbiri, ndipo amasamala kwambiri munthu wonena zoona.

Pakutha pa mweziwo simukhala katswiri, ndipo sikelo mwina itsika pang'ono chabe. Koma mudzatha kuima bwino, kutembenuza chiuno pomenya ndi msongolo, ndi kumaliza maraundi atatu a mapadi mukadali chilili. Pobwerera mudzere ku Bangkok, mukaonere usiku umodzi pa bwalo la Rajadamnern, limene linatsegulidwa mu 1945. Mukaona omenyawo akuvina wai kru, gule wolemekeza aphunzitsi awo, nkhondo isanayambe, ndipo zimene azikachita m'maraundimo muzikazimvetsa chifukwa thupi lanu lidzakhala litazilawako. Mukachoka kwa dokotala mundilemberenso, tikonze limodzi ndandanda ya masabata okonzekerawo.