Inde, 2,147,483,647 ndi prime

Achimwene, mwafunsa ngati 2,147,483,647 ndi prime. Ndi prime ndithu, palibe nambala ingaigawe osatsala kanthu kupatula 1 ndi iyo yomweyo. Imabwera mukachulukitsa ma 2 okwana 31 kenako nkuchotsapo 1, nde ili mgulu la ma Mersenne prime. Katswiri wa masamu Leonhard Euler anatsimikiza izi mu 1772, pamanja, kompyuta kulibe.

Koma samalani, sikuti zonse zamtunduwu ndi ma prime ayi, ma 2 okwana 11 kuchotsa 1 ndi 2047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Ine ndinaiyesa pa laputopu yanga ndi kapulogalamu kakang'ono, simufunika kufika patali, mungoyesa kugawa mpaka 46,340 basi chifukwa square root yake ili pamenepo, palibe inalowa. Chomwe chinandidabwitsa nchoti nditangowonjezera 1 yankho linatembenuka kukhala -2,147,483,648, poti apa mpamene 32-bit integer (malo omwe mapulogalamu ambiri amasungiramo nambala) imathera.

Ngati mwaiona ikutuluka yokha mu sisitimu ya kuntchito, makamaka pa zandalama, musakonze nokha, itanani a IT aione. Ngati nza kusukulu afunseni aphunzitsi a masamu akuonetseni njira ya Lucas-Lehmer yoyesera ngati nambala yamtunduwu ndi prime.