Zipolopolo zowola: zoona zake ndi ziti?

Mwafunsa ngati n'zoona kuti asilikali a ku America ali ndi zipolopolo zomwe zimawola m'nthaka n'kumera maluwa, komanso ngati zimenezi zingathetse kuonongeka kwa malo ophunzirira kuombera. Nkhaniyi ili ndi pomwe inachokera, koma yakhala ikukokomezedwa kwambiri.

Kumapeto kwa chaka cha 2016, unduna wa zachitetezo wa dziko la America unapempha makampani ang'onoang'ono kuti apeze njira yopangira zida zophunzirira zomwe zingathe kuwola, ndipo mkati mwake mukhale njere zodzamera pambuyo pake. Limeneli linali pempho loti kafukufuku achitike, osati chilengezo choti zidazo zapangidwa. Komanso pempholo silinkanena za zipolopolo zazing'ono za mfuti ya m'manja, koma za zida zikuluzikulu, kuyambira mabomba a mamilimita 40 mpaka zoombera m'mizinga za mamilimita 155, kuphatikizapo za akasinja za mamilimita 120. Zotsalira za zida zimenezi zimamwazika pa malo aakulu kwambiri, zina n'kukwiririka pansi, kotero kuti kuzitola zonse n'kosatheka. Akatswiri a bungwe la kafukufuku la asilikali lotchedwa CRREL anali ataonetsa kale kuti njere zikhoza kuikidwa m'zinthu zowola n'kukhala miyezi ingapo m'nthaka zisanamere, ndipo cholinga chinali choti zomerazo ziziyamwa poizoni koma nyama zikadya zisadwale.

Vuto lomwe akufuna kuthana nalo ndi lenileni. Mtovu wa m'zipolopolo umasungunuka pang'onopang'ono, makamaka m'nthaka ya asidi wambiri, ndipo mankhwala ophulika monga RDX amatsika ndi madzi a mvula mpaka kukafika m'madzi apansi panthaka. Ku malo a asilikali a Camp Edwards, m'dera la Cape Cod ku Massachusetts, bungwe loteteza chilengedwe la EPA linalamula mu 1997 kuti maphunziro ambiri oombera aimitsidwe, chifukwa pansi pa malowo pali madzi omwe anthu a m'deralo amamwa.

Zomwe zinachitika pambuyo pake pa malo omwewo ndi zimene zimandichititsa kusamala ndikamva kuti chipolopolo china n'chosaononga chilengedwe. M'malo mwa zipolopolo za mtovu, asilikali anayamba kugwiritsa ntchito za chitsulo chotchedwa tungsten chosakaniza ndi nayiloni, pokhulupirira kuti chitsulo chimenechi sichisungunuka, koma mu 2006 anazisiya atapeza kuti tungsten walowa m'madzi apansi. Ku Norway nakonso asilikali ena anayamba kumva mutu, kutentha thupi ndi kutsokomola ataombera zipolopolo zopanda mtovu, ndipo zinadziwika kuti utsi wake unali ndi mkuwa ndi zinki wambiri. M'malo awiri onsewa cholinga chinali chabwino, koma choloŵa m'malo mwa mtovucho chinabwera ndi mavuto akeake omwe anaoneka zipolopolozo zitayamba kale kugwira ntchito.

Chida chowola chili ndi mayeso ovuta kuposa pamenepa. Chiyenera kupirira kutentha ndi mphamvu ya onga pamene chikutuluka mumzinga, chiyenera kukhala zaka zambiri m'nkhokwe osafewa ndi chinyezi, kenako chikagwa pansi chiyambe kuwola. Chiyeneranso kulemera ndi kuuluka chimodzimodzi ndi chida chenicheni, chifukwa msilikali wozolowera chida chopepuka adzaphonya pa nkhondo, ndipo apa ndiye pagona vuto, popeza pulasitiki ndi wopepuka kwambiri poyerekeza ndi chitsulo. Mawu oti "chowola" nawonso amasocheretsa: pulasitiki wotchedwa PLA amawola msanga pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 60 m'malo opangira manyowa, koma m'nthaka yozizira amakhala zaka.

Mbali ya zomera ndi imene ili ndi umboni wogwirika, ngakhale kuti sinadzere m'chipolopolo. Akatswiri a ku University of York ndi University of Washington anasintha chibadwa cha udzu wotchedwa switchgrass kuti uziphwanya RDX, anauyesa pa malo a asilikali a Fort Drum ku New York, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2021. Udzuwo unachita kudzalidwa bwinobwino, ndipo ine ndikuona kuti njira imeneyi ndi yodalirika kusiyana ndi kuyembekeza kuti njere yoomberedwa mumzinga igwera pa malo oyenera pa nyengo yoyenera.

Choncho ngakhale zida zowola zitapangidwa bwino, zidzangochepetsa zinyalala zatsopano. Mtovu womwe uli kale m'milu ya dothi kuseri kwa zandamale uyenerabe kukumbidwa ndi kusefedwa, ndipo mabomba osaphulika ayenerabe kufufuzidwa limodzilimodzi ndi akatswiri.