Ine tulo tinandichotsetsa ntchito

Mayi inu, ndawerenga zoti mumatchera alamu katatu koma mumadzidzimuka 7 itadutsa, ndipo amuna anu ayamba kukutchulani waulesi. Manja akunjenjemera pamene ndikulemba. Mawu amenewo ndinawamva ine nditaima pa geti la anthu ku Woodlands, muno mu Lusaka, mu September 2024, ndipo akandibwerera ndimamvabe kutentha m'makutu.

Chaka chija tonse muno tikuchidziwa. Mvula inakana, madzi ku Kariba, damu lopangira magetsi, anatsika kwambiri, malaiti kwathu ku Kanyama ankabwera maola atatu okha, nawonso pakati pa usiku. Akangoti waliwali cha m'ma 01, kompaundi yonse inkadzuka ngati kwagwa maliro. Wina pa ayironi, wina kutchaja mafoni, wina ndowa m'manja kuthamangira ku mpopi poti madzi nawo ankatsata malaiti. Ine ana awiri asukulu, mayunifomu osita, madzi otunga. Ndinkabwerera pa mphasa cha m'ma 03:30, koma 04:45 ndizikhala nditaimirira, chifukwa ulendo wake unali wa mabasi awiri: kutsika ku City Market, kuyenda pansi mpaka ku Kulima Tower, kukhalanso m'basi ina kudikira kuti idzaze ang'wang'wazi akukuwa pakhomo. 06:30 ndizikhala ndili m'khitchini ya madamu kulongedza chakudya cha ana awo.

Miyezi inayi ndinapirira choncho. Ndinkasinza chiimire pa sinki, mbale ili m'manja.

Linali Lachiwiri. Usiku wake malaiti anachedwa, anabwera 02 ikukwana. Ndinasita, ndinatunga zigubu zinayi, foni ndinaisiya ikutchaja kuseri kwa katani kumene kuli soketi, pamwamba pake n'kugwera zovala zomwe ndinali nditapinda. Ndinangoti ndigoneko pang'ono. Chimene chinandidzutsa si alamu ayi, ndi dzuwa. Linalowa pa bowo la malata n'kundiwomba kumaso. Ndinayamba ndamva phokoso la panja, amayi a vitumbuwa akuitana, wilibala ikulira, ndipo thupi lonse linazizira ndisanaone n'komwe nthawi. 07:52. Madamu anali ataimba ka 14. Ana anga onse awiri ali gone pambali panga, mayunifomu ositasita ali pa mpando, sukulu yawadutsa. Wamng'onoyo anadzuka n'kundifunsa kuti, "Amama, lero ndi Loweruka?" Ndinalephera kumuyankha.

Sindinasambe. Chitenje, patapata, ulendo. Pa Los Angeles Road magalimoto anali atathinana, basi ikungoyenda ngati nkhono, ine ndikupemphera chamumtima, ndikuimba foni yawo osayankhidwa. Ndinafika 09:40.

Geti lalikulu sanatsegule. Anatsegula kakang'ono kaja, iwo m'kati, ine kunja, mlonda wa nyumba yoyandikana akumvetsera zonse. Akuti ana awo achedwa kusukulu chifukwa cha ine. Akuti ndimayesa kuno n'kwa amalume anga. Kenako anati, "Anthu a m'kompaundi ndinu aulesi, mumangodziwa kugona ndi kupempha adivansi." Ndinagwada pa miyala ija, mayi wa ana awiri ine, kuyesa kufotokoza za malaiti. Anati malaiti akuvuta aliyense. Aliyense! Nyumba yawo ili ndi sola padenga ndi mjigo wawowawo kuseri, firiji yawo sinazimepo ngakhale tsiku limodzi. Ine amene ndinkapukuta mabatire awo fumbi ndiwo akundiuza kuti tikuvutika mofanana. Zaka zitatu ndinawagwirira ntchito. Mwana wawo wotsiriza atatentha thupi usiku ndine ndinamubereka kumbuyo mpaka kunacha, iwo ali ku ukwati ku Ndola. Kuchedwa ndinali nditachedwapo kawiri kokha. Anandipatsira nsapato zanga zogwirira ntchito ndi kapu yanga m'pulasitiki, geti n'kutseka. Kapu ija ndinaitaya m'ngalande pobwerera, sindinafune kuionanso.

Choipa kwambiri n'chakuti ndinawakhulupirira. Milungu ingapo ndinkadzitukwana ndekha kuti ndine mlesi, chifukwa ngakhale ntchito itatha, ndikugona mpaka 08, ndinkadzukabe ngati andimenya ndi musi. Mutu kulemera, chizungulire ndikaimirira, mtima kugunda ndikanyamula chigubu chimodzi chokha. Mlamu wanga ndiye anandikokera ku kiliniki. Anandibaya chala, namwino n'kunditsegula chikope, n'kunena kuti magazi anga ali pa 8, pamene mkazi amayenera kukhala pa 12 kapena kuposa. Magazi ochepa, mayi. Anandifunsa za kumwezi, ndinawauza kuti ndimataya kwambiri masiku asanu ndi awiri, anapukusa mutu. Anandipatsa mapiritsi a ayironi ndi folic acid, n'kundiuza kuti ndisamamwere tiyi pa chakudya chifukwa tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi. Ine amene chakudya changa cham'mawa ndi chamasana chinali tiyi ndi buledi kwa madamu! Anati ndizidya kapenta, nyemba, bonongwe, chiwawa (masamba a maungu), chiwindi ndikachipeza. Patapita mwezi ndi theka ndinayamba kudzuka ngati munthu.

Ndiye musanavomere dzina la ulesi, pitani akakuyezeni magazi, shuga ndi BP. Funsaninso amuna anuwo ngati mumaliza mkonono kwambiri kapena kubanika m'tulo, chifukwa pali anthu amene mpweya umawadukira usiku, amagona maola asanu ndi atatu koma amadzuka otopa ngati sanagone. Ndipo ngati vuto si thupi koma mtima, ngati mukatsegula maso mumangofuna kulira kapena simuona chodzukira, limenelonso ndi matenda, muwauze anamwino, osabisa. Amuna anuwo, pepani, koma ngati iwo amagona 21 pamene inu mukutsuka mapoto mpaka 23, asatsegule pakamwa. Munthu wamkulu amafunika maola asanu ndi awiri, osati otsala pa ntchito za ena.

Komabe inunso limbani mtima, tulo sitinyengereredwa. Alamu zitatuzo chotsani, ikhale imodzi, chifukwa mukadziwa kuti kukubwera ina mumabwereranso m'bulangeti. Foni iikeni kutali ndi bedi kuti muzichita kuimirira pokaizimitsa. Mukaimirira musakhalenso pansi, tsegulani chitseko kuwala kulowe, madzi ozizira kumaso, ngakhale mu June kukuzizira chotani. Nthawi yodzuka ikhale imodzimodzi mpaka Lamlungu. Facebook ya usiku siyani. Ine pano ndimagulitsa tomato ndi anyezi, 04 ndimakhala ndili kale ku msika wa Soweto kudikira malole a alimi, nthawi zambiri nditagona maola asanu okha, ndipo ndimadzuka ndithu, palibe wondigwedeza. Ana akafuna kudya, maso amatseguka okha.

Madamu aja ndinakumana nawo pa Cairo Road mwezi wathawu, anayang'ana kumbali. Ndalama za masiku 17 amene ndinagwira mwezi umenewo sanandipatse mpaka lero.