Munthu wolonjeza viza mthumba mwake mulibe viza

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose mu Harare muno, ndipo andilola kuiyankha pano popanda kutchula dzina. Mwana wawo wamkazi ali ku Leeds ku UK, akuyembekezera mwana woyamba, ndiye akufuna kukamuona. Munthu wina m'tauni muno wawauza kuti akapereka madola 900 viza ituluka mosakayikitsa, asiye pasipoti kwa iye, ndipo za sitetimenti ya ku banki asadandaule, "akonza". Funso lawo ndi lakuti, kodi apereke?

Amayi, musapereke, ngakhale dola imodzi. Pasipotinso ikhale m'chikwama mwanu.

Viza ya ku UK saitulutsa munthu wa mu Harare muno. Amene amaona fomu yanu n'kugamula ndi ogwira ntchito ku Home Office ya boma la Britain. Ngakhale ofesi yovomerezeka kumene mumakadinda zala ndi kujambulitsa chithunzi ilibe mphamvu yonena kuti inde kapena ayi, ntchito yake ndi kulandira ndi kutumiza. Tsono munthu wokhala pa kadesiki m'nyumba yosanja kufupi ndi pokwerera makombi pa Copacabana angalonjeze bwanji chinthu chimene sichili m'manja mwake? Kumudzi anthu otere timawatchula madobadoba, aja amakukodolani pageti la ofesi ya boma n'kumati ali ndi wachibale m'kati. Kuno angovala tayi basi.

Chimene chandiwawa kwambiri m'kalata yanu ndi mawu aja akuti "akonza". Ndikudziwa tanthauzo lake chifukwa zinamuchitikira msuweni wanga. Ndinamuperekeza ndekha kuofesi yotero. Pakhoma anamata mafotokope a maviza a anthu ena, mayina atawapaka inki, ndipo mtsikana wa pakhomo anatilembera lisiti lopanda chidindo, lothothola m'kabuku kogula pamsewu. Ife tinaona ngati zonse zili bwino. Zimene anachita ndi kusintha manambala pa sitetimenti kuti ioneke ngati m'banki muli ndalama zambiri, n'kuphatikizapo kalata ya ntchito ya kampani imene msuweni wangayo sanapondeko. Iye sanaone n'komwe zimene zinatumizidwa. Koma pa fomu panali dzina lake, ndipo yankho litabwera linali lokana chifukwa cha chinyengo. Malamulo a UK amati wogwidwa ndi mapepala abodza akhoza kukanizidwa viza kwa zaka 10. Ejenti uja anangosiya kuyankha foni. Amayi, mdzukulu amene mukufuna kukamufukata angadzafike sitandade 5 musanamuone, chifukwa cha bodza limene simunalembe ndinu.

Njira yake yeniyeni si yovuta monga amaikometsera. Fomu ya viza yokacheza, imene amaitcha Standard Visitor visa, imalembedwa pa webusaiti ya boma lawo, gov.uk, ndipo ndalama yake imalipiridwa pomwepo ndi khadi. Mu 2025 viza ya miyezi 6 inali mapaundi 127, ndipo mtengo wa tsikulo umaonekera pa webusaitiyo. Yerekezani ndi madola 900 aja. Yankho nthawi zambiri limabwera patatha masabata atatu kuchokera tsiku lodinda zala. Mwana wanu angathe kukulemberani fomuyo ali ku Leeds komweko, inu mukumuyankha pa WhatsApp. Ngati ndiye adzalipire tikiti ndi chakudya, palibe chobisa, malamulo amalola. Alembe kalata yokuitanani, aphatikizepo mapepala a malipiro ake, sitetimenti yake, umboni wa kumene akukhala ndi chilolezo chake chokhalira m'dzikomo.

Kumbali yanu, chimene amafuna kuona ndi chakuti mudzabwerera. Nyumba yanu ku Mufakose, penshoni, ana ena amene mukulera, kabizinesi kanu ngakhale kakhale kogulitsa masamba ku Mbare Musika, zonsezi ndi umboni. Kandalama kochepa kolowa mwezi ndi mwezi kamamveka bwino kuposa chimtolo chimene changogwera mu akaunti sabata imodzi musanapemphe. Choncho musabwerekenso ndalama kwa anansi zongoonetsera.

Sindikunena kuti aliyense wothandiza kulemba fomu ndi wakuba. Alipo ochita ntchito yawo moona, ndipo kwa munthu amene kompyuta imamuvuta, kulipira wina kandalama kolembetsera si kulakwa. Woona mtimayo mumamudziwa msanga. Amakuuzani poyera kuti viza ikhoza kukanidwa. Amasiyanitsa ndalama ya boma ndi ya ntchito yake, n'kukupatsani lisiti la zonse ziwiri. Amalemba imelo yanu pa fomu, osati yake, kuti yankho lidzafikire inu. Ndipo amakulolani kuwerenga tsamba lililonse asanatumize. Akakana chimodzi mwa izi, kapena akati tumizani ndalama pa foni, pa EcoCash ya munthu wina, lero lomwe chifukwa malo akutha, nyamukani muzipita.

Palinso china chimene atsikana athu ayenera kumva. Viza yokacheza salola kugwira ntchito. Wokuuzani kuti lowani ngati mlendo, ntchito mukaipeza konko, akukuponyani m'dzenje. Ambiri tikukumbukira azimayi a kuno ku Zimbabwe amene anabwezedwa kuchokera ku Kuwait mu 2016 atanamizidwa za ntchito zabwino, mapasipoti awo atalandidwa ndi mabwana awo. Nkhani zotero zimayamba ndi mawu okoma komanso kusiya pasipoti m'manja mwa munthu.

Ngati mwapereka kale kenakake, amayi, musachite manyazi. Sungani mauthenga onse ndi malisiti, pitani ndi mwana wamkulu kukaitanitsa ndalama yanu, ndipo akavuta kanenani ku polisi ya Harare Central. Mukatero muimbire mwana wanu madzulo ano muyambe fomuyo, chifukwa UK imalola kupempha miyezi itatu ulendo usanafike, ndipo tsiku lochira layandikira.