Ndinakwera Sapitwa, Kodi Kilimanjaro Ndingaikwanitse?

Funso: Chaka chatha ndinakwera Sapitwa ku Mulanje popanda vuto, ndipo tsopano ndikufuna kukakwera Kilimanjaro ku Tanzania. Kodi mphamvu zomwezo zikwanira?

Yankho: Miyendo yanu ikwanitsa, koma chimene chimabweza anthu ambiri ndi mpweya. Sapitwa ili pa mamita 3,002, pamene nsonga ya Kilimanjaro yotchedwa Uhuru ili pa mamita 5,895, kumene mpweya umachepa moti mutu umawawa ndipo munthu amapuma mwawefuwefu pongomanga zingwe za nsapato. Sankhani njira ya Machame ya masiku 7 osati 6, kuti thupi lizolowere pang'onopang'ono. Malamulo a paki ya Kilimanjaro salola kukwera popanda wotsogolera wovomerezeka. Tsiku lopita pansonga mudzanyamuka pakati pa usiku, kukuzizira mpaka madzi kuundana m'botolo, choncho jekete yomwe munavala ku Chisepo, kanyumba kogonamo okwera Sapitwa, siikwanira.